Malume Anga Anali Aganyu

1

Ndiyambe ndi kupepesa kwa akuluakulu onse a ku Area 25 amene anavulira chipewa munthu wa kabaza poganiza kuti ndi malume anga. Sizinali dala. Chabwino, zinali dala, koma imvani kaye.

Ndine Thandie, wa zaka 24. Masana ndimaluka tsitsi pa saluni ina ku Kawale, ndikaweruka ndimabwerera ku kachipinda kanga ka lendi ku Area 23. Ngati foni yanu imakhala ndi bandulo, mwina munandionapo. Ndine mtsikana uja amapusitsa anthu n'kumawajambula. Uja anaika chule m'chikwama cha kondakitala. Eya, yemweyo.

Ngakhale Kings ndinamupeza chomwecho. Tsiku lina ku depoti ndinakulunga kabichi m'nsalu, n'kumuveka kachipewa, n'kupita kwa mnyamata wina wa shati yopisira.

"Achimwene, tandigwirirani mwanayu, ndithamangire kuchimbudzi."

Ena onse ankasuzumira pompo n'kuyamba kutukwana. Uyu ayi. Anaima mphindi makumi awiri akumutchingira dzuwa kabichi, akumugwedeza, mpaka kumuimbira kanyimbo ka ku Sande sukulu. Mnzanga amene ankajambula anaseka mpaka kukhala pansi. Ine kuseka kunandithera. Ndinati mumtima, mwamuna wotere akandidutsa sindidzamupezanso.

Nditamuululira anayang'ana kabichi uja nthawi yaitali.

"N'chifukwa chake samalira, eti," anatero. "Ndiye nambala ya amake ingapezeke?"

2

Patatha chaka ndi theka ananditengera kwa makolo ake. Kings ndi wamagetsi ku Kanengo. Kwawo ndi ku Rumphi, koma banja lonse linakhazikika ku Area 25. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Amayi ake, a Mabel, ndi a bulauzi yoyera aja osaphonya msonkhano wa amayi. M'nyumba mwawo ngakhale kutafuna umatafuna mwaulemu.

Kings ankadziwa kuti ndine wamasiye. Ndi zomwe ndinamuuza: makolo anamwalira ndili wamng'ono, kwathu ku Dedza, basi. Akafuna kufunsa zambiri ndinkangogwetsa nkhope, iye n'kuyamba kupepesa.

Bambo ake sanali munthu woti ungamugwetsere nkhope.

"Mwana wanga, pepa kwambiri za makolo. Koma ife sitingakutenge ngati tikugula tomato. Ukwati umayenda ndi ankhoswe. Popanda nkhoswe wa kwanu, kumpingo sakulembani. Malume alipo?"

Apa ndikanangoti kulibe. Koma pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu.

"Alipo, bambo. Malume Greenwell."

"Yewo!" anatero a Mabel, kuwomba m'manja. "Abwere Loweruka adzakumane ndi a Donald, nkhoswe wa Kings."

M'minibasi pobwerera ndinadzitsina ntchafu kuyambira Kanengo mpaka m'tauni. Greenwell ndi dzina la bambo wa kabaza amene amanditengera kuntchito m'mawa uliwonse.

3

A Greenwell ndi a zaka za m'ma fifite, imvi za m'mbali, mawu ngati a pa wailesi. Njinga yawo yakapalasa ili ndi magalasi anayi, ndipo belu amaliza ngakhale msewu uli wopanda munthu. Nditawafotokozera anatsika n'kuimika njinga.

"Iwe mwana, ukufuna ndikaname kwa mkulu wa mpingo?"

"Si kunama, a Greenwell, ndi sewero. Loweruka lokha, kenako chinkhoswe, kenako mwapuma."

"Suti ilipo?"

"Ndikabwereka."

"Nkhuku?"

"Mesa ntchafu amadya ndi nkhoswe."

"Ndiye ukuchedwa chiyani? Malemu mchemwali wangayo dzina lake ndani?"

Tinayeserera masiku anayi. Ine kumbuyo pa kariyala, iwo akupalasa, mafunso ngati mayeso a fomu folo. Vuto lawo linali kukometsera. Ndikati malume amalima mbatata ya kachewere, mawa lake iwo ali ndi mathirakitala awiri.

"Chotsani mathirakitala."

"Imodzi yokha, aise."

"Chotsani!"

"Nanga malume wosauka akupatsa ulemu wanji kumeneko?"

Loweruka suti inawakhala ngati anabadwa nayo. Kukumana kwa ankhoswe ana sakhalapo, ndiye ndinachita zanga zija. Ndinaimbira a Greenwell, n'kuika foni yawoyo m'thumba la jekete lawo isanadulidwe, ine n'kukabisala kuseri kwa kaokala kena pafupi ndi nyumba ya a Donald.

4

Anthu inu, munthu uja analakwitsa ntchito, anayenera kukhala wa zisudzo. Analankhula za chisanu cha ku Dedza, za feteleza, za achinyamata a masiku ano osadziwa kugwada. Thirakitala imodzi anailowetsabe. Atafika pa malemu mchemwali wake mawu anayamba kunjenjemera, mpaka a Donald anati, "Limbani mtima, bwana." Inenso ndinatsala pang'ono kulira, pomwe nkhaniyo ndinaipeka ndine.

Chakudya chitafika, a Donald anatsitsa mawu.

"Bwana Greenwell, poti tadziwana, tiuzane zoona. Unkhoswe si wa tsiku la chinkhoswe lokha. Ana awa akakangana, adzagogoda kwa ife. Wina akagonekedwa m'chipatala, foni yoyamba ndi yathu. Ndipo tsiku limene Mulungu adzamutenge mwana wanuyu, ine ndidzabwera kudzagwada kwa inu, kufunsa kuti tikamuike kuti. Manda a kwawo mudzatilozere ndinu."

Foni inakhala zii. Ndinayesa bandulo yatha. Kenako ndinamva supuni ikuikidwa pa mbale pang'onopang'ono.

"Ndamva," anatero a Greenwell.

Mawu a pa wailesi aja anali atathawa.

5

Lolemba m'mawa ndinawapeza pa siteji, suti ili m'jumbo, yopindidwa bwinobwino.

"Malume! Loweruka munaiphatu!"

"Usandiitane choncho. Kwera."

Tinanyamuka. Belu osaliza.

"Za chinkhoswe ine ndatuluka," anatero.

"Aa, chifukwa?"

"Ine ndinaonapo maliro a munthu wopanda kwawo. Mnzathu wa pa siteji pomwepa anagundidwa ndi lole. Milungu itatu ali ku motchale, ife tikusaka abale, osawapeza. Mapeto ake anakamukwirira anthu osamudziwa n'komwe dzina, popanda nyimbo. Ndiye iwe ukufuna tsiku lina anthu adzandigwadire, ine ndidzawalozere kuti? Ku thirakitala? Tandiuza kwanu kwenikweni. Ukanama, ndikaulula ndekha ku 25."

Ubwino wa kabaza ndi woti munthu amakufulatira. Zimene sindinauzepo munthu kwa zaka khumi ndi zitatu, ndinauza msana wa a Greenwell.

Kwathu si ku Dedza. Kwathu ndi ku Mgona, kuseri kwa mafakitale a ku Kanengo. Kuchoka pageti pa makolo a Kings ukhoza kukafika wapansi. Ndipo mayi anga ali moyo.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinali kale chonchi. Tsiku lina pa mpope ndinauza anzanga kuti ine ndimauluka pa lichero kupita ku Joni, anthu onse ali mtulo. Atanditsutsa ndinatulutsa apozi amene wogulitsa wina anandipatsa.

"Nanga uyu ndamutenga kuti?"

Anathawa n'kusiya zidebe. Ndinaseka tsiku lonse.

Patatha milungu itatu mlongo wanga wakhanda, Geoffrey, anamwalira ndi malungo. Maliro asanathe n'komwe, nkhani ya lichero inali itazungulira dera lonse. Kunabwera mneneri wina, anaitana ana a pa mpope aja, onse anavomera kuti ndinanena ndi pakamwa panga. Ndinalira kuti zinali zocheza. Anati mfiti zonse zimatero. Malume anga enieni, a Nedson, anaika madiresi anga awiri m'jumbo n'kuliponya pamsewu. Mayi anakhala pakhomo, maso pansi. Sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe.

Zaka zinayi ndinakhala pansi pa mlatho, pafupi ndi msika waukulu. Ndinameta mpala, kuvala kabudula, n'kudzitcha Jonah, chifukwa mtsikana kumeneko sachedwa kupezedwa ndi azibambo. Ndinkapempha pa maloboti, kunyamulira azimayi majumbo, kulimbirana makatoni nyengo yozizira. Masikini amene mumawakwezera galasi la galimoto aja, mmodzi ndinali ine.

Chinanditulutsako ndi khalidwe lomwe linandilowetsako. Mayi wina woluka tsitsi, a Ireen, ankafa ndi phwete ndikamatsanzira mayendedwe a makasitomala awo. Anandipatsa tsache, kenako chipeso, kenako mphasa m'khitchini mwawo. Iwo anapita ku Joni, ine ndinatsala ndi luso.

"Ndiye mukufuna ndikawauze a mkulu wa mpingo chiyani?" ndinafunsa msana uja. "Kuti mpongozi wawo ndi Jonah wa pansi pa mlatho, uja amati anadya mlongo wake?"

A Greenwell anapalasa mpaka pakhomo pa saluni. Nditatsika anandipatsa jumbo lija.

"Suti iyi usakabweze. Lamlungu tikupita ku Mgona."

6

Mgona sinasinthe. Ngalande zomwe zija, fungo la fodya lochokera ku mafakitale lomwe lija. Mpope uja ulipobe, angoupaka utoto. Miyendo yanga inkafuna kubwerera yokha, koma a Greenwell anandigwira chigongono ngati andimanga.

Mayi tinawapeza pakhomo akusankha nyemba. Pa lichero. Eya, pa lichero. Anali atachepa thupi. Pambali pawo panakhala kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri.

"Odi kuno," anatero a Greenwell.

Anadzutsa mutu. Anandizindikira nthawi yomweyo, ndinaona m'maso mwawo. Ndipo chinthu choyamba chimene anachita, anthu inu, anakoka kamwana kaja n'kukabisa kumbuyo kwawo.

Ndinamva ngati jumbo la madiresi lija laponyedwanso pamsewu.

Iwonso anaona chimene dzanja lawo lachita. Analiyang'ana ngati ndi la munthu wina, n'kuyamba kulira.

A Greenwell anagwada pafumbi ndi suti yobwereka.

"Mayi, ine ndine wa kabaza chabe. Mwana wanuyu wapeza banja. Anandilemba ganyu ya umalume chifukwa alibe womuimira. Ndabwera kudzatula udindo kwa eni ake."

"A Nedson anamwalira chaka chatha," anatero mayi, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Kubanja kwathu kulibenso mwamuna." Kenako anatembenukira kwa ine. "Thandizo."

Dzina langa lonse. Ndinali nditaiwala mmene limamvekera.

"Ndinakuona kawiri, Thandizo. Pa maloboti. Unali utameta. Ndinawoloka msewu."

"Ndikudziwa. Munavala chitenje cha mbalame zobiriwira."

"Unandiona?"

"Ndinakutsatirani mpaka ku depoti."

Anagwira pakamwa. Nyemba zinamwazika pansi, palibe anazitola.

"Anali malungo," anatero. "Ndinkadziwa. Mwana anatentha thupi masiku atatu ine ndikuti apola, ndikuthamangira ganyu. Wochedwa kupita naye kuchipatala ndinali ine. Atayamba kuloza iwe, anthu anasiya kundiyang'ana ine. Ndiye ndinakhala chete. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza bodza lawo lija, mpaka thupi langa linalikhulupirira."

Ndinali nditakonza mawu ambiri. Pansi pa mlatho ndinkawayeserera, ena otukwana kwabasi. Onse anabalalika. Ndinangofunsa, "Kamwanako ndi ndani?"

"Mng'ono wako. Mirriam."

Mirriam anasuzumira kuseri kwa chitenje, anandiyang'anitsitsa, n'kukuwa.

"Amayi! Awa ndi aja a chule a pa foni!"

A Greenwell anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka ali chigwadire mpaka kutsokomola. Ine ndinkaseka ndi mamina omwe.

7

Kings ndinamuuza mawa lake masana, pa chiwaya cha tchipisi ku Kanengo. Zonse: lichero, jumbo, Jonah, suti. Anamvetsera osandidula. Tchipisi zinazizira.

"Ndiye a Greenwell ndi ndani?"

"A kabaza."

"A Donald anawatengera kwathu. Bambo anawapatsa mpando wawo. Mpando umene ine mwana wawo sindinaukhalepo."

"Pepa."

"Za mlatho sizikundivuta, Thandie. Unali mwana. Chikundipweteka n'choti chaka ndi theka ndakhala ndikukupepesa maliro a munthu wamoyo. Unkandiyang'ana ndikupepesa. Kamera inali kuti?"

"Kings, si choncho."

"Nanga ndidziwa bwanji?"

Anadzuka n'kubwerera kuntchito. Munthu amene moyo wake wonse ndi kupusitsa anthu, akati tsopano ndikunena zoona, amveke bwanji?

Masiku asanu ndi anayi foni zii. Vidiyo sindinaponye ndi imodzi yomwe. Kasitomala wina ndinamuluka mizere yokhota mpaka anafunsa ngati ndi sitayilo yatsopano.

Tsiku lakhumi m'saluni munalowa a Mabel, chikwama pamkono. Anzanga onse anazimitsa nkhani. Anakhala pa mpando wochapira mutu, poti wina unalibe.

"Ndiwe unali pansi pa mlatho?"

"Eya, mama."

"Zaka zingati?"

"Zinayi."

Anayang'ana manja anga.

"Bambo ake Kings akwiya, osati pang'ono. Akuti ukapepese pamaso pa a Donald, ndipo chinkhoswe chasunthidwa mpaka anthu akaonane ndi amayi ako. Bodza lija linali loipa, mwana wane, usadzabwerezenso. Koma zaufitizo usandiuze ine. Ndagwira unamwino zaka makumi atatu, malungo ndimawadziwa."

Ndinagwada pansi pomwepo.

"Dzuka, ukudetsa siketi. Mnzako ali panjapo. Akunamizira kuyang'ana mawaya a magetsi."

Kings analidi pamenepo, khosi m'mwamba, akuyang'ana polo ya magetsi.

"Waya uyu ndi woopsa," anatero osanditembenukira.

"Kings."

"Kuyambira lero ukandinamiza, ngakhale za mtengo wa sopo, ndikukasiya kwa ankhoswe."

"Ati?"

Anayesa kuumitsa nkhope. Inamukanika.

Kupepesa kunali kowawa, ndisakunamizeni. Bambo ake Kings anandilankhula ola lathunthu, ine maso pansi. Za nkhoswe anagamula ndi mayi anga. Anati munthu amene anawabweretsera mwana ndi amene amuimire. A Donald anavomera, koma atagwirana chanza anafunsa, "Bwana, nanga thirakitala ija ili bwanji?" A Greenwell anati inaphulika tayala.

Koma kusaina za unkhoswe a Greenwell anakana kaye. Anati mayi awauze mudzi wathu weniweni, ku Ntchisi, ndipo anakwera basi kukauona ndi maso. Anabwerako ndi dzina la mudzi, njira yake, ndi thumba la mtedza.

"Tsopano a Donald akadzandigwadira ndili n'poloza," anatero. "Koma usafulumire."

8

Owerenga, ambiri amene amva nkhaniyi amandifunsa ngati mayi ndinawakhululukira. Masiku ena eya. Masiku ena ndimadzuka ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo yankho limakhala ayi. Sindikuuzani zoti muchite ndi ana a pa maloboti, ine si abusa. Ndingokuuzani kuti aliyense wa iwo ali ndi khomo limene linatsekedwa, ndipo amene analitseka amadutsa misewu yomweyi, ena ndi inu amene mukuwerenga pano. Ndipo inu anzanga okonda zocheza, muziyang'ana kaye amene akumvetsera.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chinkhoswe chichitike, mayi anabwera ku saluni okha, ulendo wa maminibasi awiri. Anaima pakhomo mpango uli m'manja.

"Undiluke," anatero.

Anakhala pansi pakati pa mawondo anga, monga ndinkakhalira ine kalekale pakati pa awo. M'mutu monse imvi, zimene sindinazione zikumera. Ndinapesa pang'onopang'ono. Sitinalankhule zambiri. Anangoti ndili ndi dzanja lofewa, ine ndinati asagwedeze mutu.

Mukudziwa mmene timachitira kuno. Tsitsi lothothoka popesa mwini wake amatola lonse n'kupita nalo, kuopa kuti wina angakamuchitire nalo zoipa. Makasitomala anga a magalimoto omwe amatero. Ndiye nditamaliza ndinalichotsa ku chipeso, ndinatola ndi la pansi lomwe, n'kulipereka ndi manja awiri.

Analiyang'ana. Dzanja lawo linanyamuka pang'ono, ndinaliona. Kenako analibweza, n'kuliika pa bondo.

"Kataye wekha, mwana wanga."